Kupeza malo a katundu wa malemu mayi anu

Achemwali, mwafunsa mmene mungapezere malo m'nyumba yanu ya zipinda ziwiri ku Chilomoni oti muikepo kabati, makina osokera ndi mbale zimene malemu mayi anu anakusiyirani. Musanatenge chilichonse, khalani pansi ndi abale anu pamodzi ndi amalume, chifukwa katundu wamasiye amadanitsa anthu, ndipo lamulo la chuma chamasiye la 2011 limaletsa kulanda. Mukagwirizana, yambani kuchotsa zanu zomwe: zovala zimene simunavale chaka chathunthu mukapereke kutchalitchi, ndipo mipando yothyoka mugulitse kwa akalipentala a ku Ndirande. Makinawo musawaike pasimenti, popeza chinyezi cha dzinja chimawachititsa dzimbiri, ndipo kabati isagunde khoma, kuopa chiswe.