Kodi pulezidenti angalichepetsedi boma?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Area 25 amene amagulitsa simenti ndi malata. Akuti misonkho yawafika m'khosi, ndipo akufunsa kuti: "Titasankha pulezidenti wa maganizo a libertarian ngati uja wa ku Argentina, angathe kulichepetsa boma, kapena ndi zongokamba pa kampeni?"

Achimwene, angathe ndithu, koma osati yekha, ndiponso mpeni sudzagwera pamene inu mukuyembekezera.

Kwa amene mawuwa ndi achilendo, a libertarian ndi anthu okhulupirira kuti ntchito ya boma ndi kuteteza moyo, katundu ndi mapangano a anthu basi. Malonda, mitengo ya zinthu ndi zina zotere lizisiyira eni ake.

Mwatchula Argentina, ndiye tiyambire komweko. Javier Milei, pulezidenti amene mukumunenayo, ankayenda ndi macheka a injini pa misonkhano yake ya kampeni posonyeza kuti adzalidula boma, ndipo atalowa m'boma pa 10 Disembala 2023 sanachedwe. Maunduna anali 18, iye anawasiya 9. Anaimitsa ntchito zomanga za boma, anachepetsa ndalama zothandizira magetsi ndi mayendedwe, anachotsa antchito a boma masauzande ambiri. Mwezi umene analowa, mitengo ya zinthu inakwera ndi 25 peresenti mwezi umodzi wokha. Pofika kumapeto kwa 2024 inkakwera ndi osafika 3 peresenti pa mwezi, ndipo chaka chimenecho boma linagwiritsa ntchito ndalama zochepa kuposa zimene linatolera, koyamba pa zaka zoposa khumi. Zimenezi sindingazipeputse.

Koma funsani kuti ndalamazo zinachoka m'thumba la ndani. Gawo lalikulu linachokera ku penshoni za okalamba, zomwe zinatsalira m'mbuyo mitengo ikuthamanga. M'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba ya 2024 umphawi unafika pafupifupi 53 peresenti, kenako n'kutsika kufika 38. Banki yaikulu imene ananena kuti adzaitseka ikadalipo, ndalama ya peso ikadalipo. Chipani chake chinali ndi aphungu ochepa, motero bilu yake yaikulu inadutsa mu Juni 2024 atavomera kuchotsamo zambiri.

Ku America, Ronald Reagan analonjeza pa kampeni ya upulezidenti mu 1980 kuti adzathetsa unduna wa zamaphunziro. Analamulira zaka zisanu ndi zitatu, undunawo anausiya uli chilili, ngongole ya boma itakula pafupifupi katatu. Kumeneko chikwama chili m'manja mwa Congress, Nyumba ya Malamulo ya kumeneko, ndipo ndalama zambiri zimapita ku Social Security (penshoni) ndi Medicare (chithandizo cha kuchipatala cha okalamba), zinthu zokhazikitsidwa ndi lamulo zomwe ovota okalamba salola kuti munthu azikhudze.

Tsono kwathu kuno. Ife mankhwala amenewa tinawalawapo kale, kungoti sanabwere ndi voti, anabwera ndi ngongole. Kuyambira 1981 World Bank ndi IMF ankatiuza kuti boma lichoke m'malonda. Mu 1996 kunabwera lamulo logulitsa makampani a boma, mphamvu za ADMARC zinachepa, thandizo la feteleza linachotsedwa. Kenako Bingu wa Mutharika anabweretsa makuponi a feteleza mu 2005, ndipo mu 2009 anapambana ndi mavoti pafupifupi 66 peresenti. Andale onse anaona zimenezo. Kuchokera pamenepo, ndani anaimapo pa nsanja ku Mitundu kapena ku Nsundwe n'kunena kuti feteleza wotchipa athe? Mu 2020 pulogalamuyo inangosintha dzina kukhala AIP, n'kukulanso.

Chimene chimandipweteka ine n'chakuti tikamati boma ndi lalikulu, timasakaniza zinthu ziwiri. Pitani pa sukulu ya pulayimale kumudzi, mukapeza mphunzitsi mmodzi ali ndi ana odzaza mpaka pakhomo, ena ali pansi pa mtengo. Namwino mmodzi amachezera usiku wonse ndi wodi yathunthu. Kumeneko boma silinanenepe, lawonda. Koma ambiri mwa olandira malipiro a boma ndi omwewa: aphunzitsi, azaumoyo, apolisi. Pa bajeti yathu ndalama zochuluka zimathera ku malipiro ndi ku chiwongoladzanja cha ngongole, ndipo chiwongoladzanja sichimva za maganizo a pulezidenti, chimalipidwa basi. Munthu wofuna kupulumutsa ndalama zambiri msanga adzapezeka akudula mphunzitsi ndi mlimi, chifukwa ndiwo alibe wowalankhulira ku Capital Hill.

Mafuta ali kumutu. Chiwerengero cha nduna ndi alangizi, mdipiti wa galimoto, maulendo akunja, ma alawansi a misonkhano ya kunyanja, mabodi a makampani a boma odzaza ndi anthu achipani: zambiri mwa izi pulezidenti angazichepetse ndi cholembera chake, osadikira aphungu. Chovuta n'chakuti odyera pamenepo ndi omwe anamuthandiza kampeni, ndipo iye amafuna kudzaimanso pakatha zaka zisanu. Ngakhale atalimba mtima, kudula zooneka ndi maso sikukwanira. Joyce Banda anagulitsa ndege ya pulezidenti mu 2013, anthu tinawomba m'manja, koma chaka chomwecho Cashgate inaululika, mabiliyoni atatuluka kudzera m'makompyuta olipirira a boma kupita ku makampani omwe sanagwire ntchito iliyonse. Dzenje limenelo silitsekedwa pochepetsa maunduna. Limafuna owerengera ndalama olimba, bungwe lolimbana ndi ziphuphu la ACB lamphamvu ndi makhoti ofulumira, ndipo zonsezi ndi boma lomwelo, zimafunanso ndalama.

Za misonkho yanu, achimwene, VAT ndi msonkho wa katundu wolowa m'dziko zimakambidwa ndi kuvomerezedwa m'Nyumba ya Malamulo nthawi ya bajeti. Pulezidenti wopanda aphungu okwanira angalankhule bwino chotani, mtengo wa thumba la simenti pa shopu yanu sudzamumva. Ine ndikanakhala inu, ndikanayamba ndi phungu wa dera lanu, pamodzi ndi anzanu ogulitsa zomangira, bajeti yotsatira isanawerengedwe.