Za thandizo la FEMA ndi malamulo a ku America

Achimwene, mwafunsa ngati boma lalikulu la ku America limaphwanya konsitityushoni likamapereka ndalama kwa anthu okhudzidwa ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi kudzera ku FEMA, bungwe lake loona za ngozi zotere. Ine ndikuti ayi, koma funso lanuli ndi lomveka ndithu, mkanganowu ndi wakalekale.

Mu 1887 pulezidenti Grover Cleveland anakana kusayina bilu ya madola 10,000 chabe ogulira mbewu alimi a ku Texas omwe chilala chinawapweteka, ati malamulo sakumulola. James Madison, mmodzi mwa olemba konsitityushoniyo, naye ankati Congress, nyumba ya malamulo ya ku America, izigwiritsa ndalama pa ntchito zokhazo zomwe zinalembedwa mu konsitityushoni. Koma Alexander Hamilton, mmodzinso mwa olembawo, ankamva mosiyana mawu a mu Article I Section 8 ya konsitityushoni oti Congress itolere misonkho kaamba ka ubwino wa anthu onse, ndipo khoti lalikulu linagwirizana ndi Hamilton pa mlandu wa United States v. Butler mu 1936, chaka chotsatira pa mlandu wa Helvering v. Davis nkuonjezera kuti wosankha chomwe chili chokomera onse ndi Congress osati majaji, pokhapokha zitachita kuonekeratu kuti zalakwika.

Komanso FEMA simangolowelera. Pa lamulo la Stafford Act la 1988 gavanala wa chigawo chokhudzidwacho ndi amene amapempha kaye thandizo, pulezidenti nkulengeza kuti kwagwa ngozi, ndiye pokonza misewu ndi milatho boma lalikulu limalipira osachepera 75 peresenti.

Ine zimandikhudza ndikakumbukira namondwe wa Katrina mu 2005, gawo lalikulu la mzinda wa New Orleans litamira m'madzi, anthu ali pamadenga. Louisiana, chigawo chomwe kuli mzindawu, payokha ikanazitenga kuti ndalama zomangiranso zonsezija?