Za kalata ya mpingo ija

Eee msuweni, voice yako ndaimva, ukuti kalata yanga ya mpingo ndinakapereka kale kuno ku Mangochi kapena ikadali m'chikwama. Hmm. Iwe ndimakudziwa, za kalata ulibe nazo ntchito, ukufunsa kuti ndikafa adzandiimbira ndani, ndipo akutuma ndi amayi, usakane.

Tadikira kaye. Ukukumbuka amalume a ku Malindi chaka chomwe usipa unasowa chija? Anatenga ndalama ya injini... ayi ayi, ya ukonde, injini anali atagulitsa kale, kukapereka kwa mneneri uja wa pa tenti, iye n'kuwapatsa kabotolo ka madzi odzozedwa akuti mukawaze pa boti. Madzi ake a mu Shire momwemu, kamnyamata kake kankatunga kuseri kwa mlatho anthu akuona. Amalume awaza, siginala wayatsa nyali, alovi akoka usiku onse, m'mawa kubwera ndi beseni limodzi losadzaza nkomwe, ndiye amalume ali pa mchenga jekete la pa Sande lili m'thupi, akuti mwina ndinawaza mbali yolakwika, hahaha. Mneneri akuti chikhulupiriro chachepa, onjezerani. Aonjezera. Kenako akuti pabanja pali mfiti, ndipo amene analozedwa chala tonse pagulu pano tikuwadziwa, mpaka analowa m'manda palibe anakawapepesa. Nthawi imeneyo a George Thindwa akamayankhula pa wailesi kuteteza nkhalamba zonamiziridwa ufiti ife timati ndi a satana, ukukumbuka?

Komanso taona, iweyo wa kwaya iwe, ukanabadwira ku Makanjira kapena kwa Mponda bwenzi pano ukusala Ramadani ndipo ukanalumbira kuti choonadi ndi chimenecho. Amishoni anafika ku Cape Maclear mu 1875, malungo anawatha, pofika 1881 anasamukira ku Bandawe atabatiza munthu m'modzi yekha, manda awo alipo mpaka lero. Akanapanda kubwera bwenzi tikuthira nsembe pansi pa mtengo ndi mtima onse.

Ndiye... aaa, ndingonena. Azakhali ngati mukumvera nawo pepani. Kalata sindipereka chifukwa ine sindikhulupiriranso kuti kuli Mulungu. Sikuti ndakwiya ndi abusa, sindinalowe Chisilamu, ndipo chonde msuweni usakafalitse kuti ndalowa za sataniki, satanayo ndi wa m'buku lomwelo, nayenso sindimukhulupirira. Ndinapemphera, ndinasala, ndinafunsa, kumwambako kuli zii. Sindikhulupirira basi.

Pa maliro ndizibwera, kumanda ndizikumba nawo, ya chipepeso ndizisonkha monga kale. Za ine mukadzasowa kwaya iweyo udzaimbe wekha, ngakhale mawu ako aja amathawitsa nkhuku. Koma amayi uwauze bwinobwino, usakati akuganizabe kapena wangofooka, ukati mwana wanu sakhulupirira Mulungu, ndipo Loweruka abwera ndi chambo mudzakambirane.