Amalume, Chiletso cha Khothi Si Choseweretsa

Eee amalume, mwaswera bwanji? Uthenga wanu uja ndaumvera kawiri. Mwati khothi lakuletsani kubwereza zimene munalemba za bambo aja, ndiye mukufunsa ngati angakumangeni mukazilembanso pa Facebook, poti mlandu wake si waupandu. Amalume, akhoza kukumangani ndithu. Chonde foniyo muyambe mwaiika pansi.

Mlandu woyamba uja unali wa inu ndi bambowo. Koma chiletso chikatuluka, inu n'kuchiphwanya, amene mwamuderera ndi khothi lenilenilo. Pamenepo woweruza safunsanso ngati zomwe munanena zinali zoona. Amangofuna kudziwa ngati pepalalo linakufikani, ngati likunena momveka zomwe laletsa, ndiponso ngati munazichitadi. Basi. Ngakhale kutumiza m'gulu la WhatsApp, kapena kutuma mnzanu kuti alembe m'malo mwanu, ndi kuphwanya komweko.

Imvani za ku England. Kuli mkulu wina, Tommy Robinson. Mu 2021 anagonja pa mlandu woipitsa mbiri ya mnyamata wina wothawa nkhondo ku Syria, ndipo anauzidwa kuti alipire mapaundi 100,000 ndi kusabwerezanso nkhanizo. Iye anazibwerezabe, mpaka kuonetsa filimu yake ya nkhani zomwezo pa Trafalgar Square ku London, khamu likuonerera. Mu Okutobala 2024 anamugamula miyezi 18 kundende. Apa mumvetsetse bwino amalume: miyezi 14 inali chilango, pomwe inayi inali yomukakamiza kumvera. Khothi linati akachotsa filimuyo pa intaneti, miyezi inayiyo ichotsedwa. Ndipo miyeziyo inachotsedwadi mu Meyi 2025. Mukuona? Khothi limangofuna kuti lamulo lake limveredwe, ndipo wogonja msanga amapepukidwa.

Ndikudziwa kuti mtima ukukuwawani. Mukuona ngati akutsekani pakamwa pomwe inu mukukhulupirira kuti munanena zoona, ndipo ine sindikukutsutsani ayi. Koma njira yake ilipo. Loya wanu akhoza kupempha khothi kuti lisinthe kapena lichotse chiletsocho, apo ayi achite apilo. Pamene mukudikira, chiletsocho chikugwirabe ntchito, ngakhale mutachiona kuti n'cholakwika.

Ngati pali zina zakale zomwe zikadali patsamba lanu, muuze loyayo lero lomwe, mwinanso zikufunika kufufutidwa. Anthu amajambula zinthu zotere pafoni n'kukapereka kukhothi ngati umboni. Madzulo ano ndikuimbirani, pepalalo mulikhazike pafupi kuti mundiwerengere mawu ndi mawu.