Kodi woimba ayambe ndi vidiyo ya mawu, kapena adikire yojambula?

Mayi wina wa ku Zomba wanditumizira funso pa imelo. Mwana wawo wajambulitsa nyimbo ku situdiyo, koma ndalama zojambulira vidiyo sizinakwane, ndipo anzake akumuuza kuti aike kaye pa YouTube vidiyo yongoonetsa mawu a nyimboyo, imene achinyamata amaitcha lyric video. Mnyamatayo akuopa kuti owonera adzagawikana pawiri, chiwerengero cha vidiyo yojambulayo n'kudzaoneka chochepa.

Mayi, mantha a mwana wanu ndi omveka, chifukwa YouTube siphatikiza ziwerengero za mavidiyo awiri, ngakhale nyimbo yake ikhale imodzi. Komabe ine ndikuti atulutse ya mawuyo osazengereza, ndipo chifukwa chachikulu ndi cha ndalama. Kuti tchanelo (tsamba la munthu pa YouTube) chiyambe kulandira ndalama za otsatsa malonda, YouTube imafuna anthu 1,000 olembetsa kuti azitsatira tchanelocho, komanso maola 4,000 amene anthu aonera mavidiyo ake m'miyezi 12 yapitayo. Ngati nyimbo ndi ya mphindi 3, maola amenewo akutanthauza kuti ionedwe ka 80,000 kuyambira poyamba mpaka pamapeto, chinthu chimene si chapafupi kwa woimba wongoyamba kumene. Maola a mavidiyo onse awiri a pa tchanelo chimodzi amawerengedwa pamodzi, choncho vidiyo ya mawu imawonjezera pa zimene yojambulayo idzabweretse, osati kuzichepetsa. Ndiponso nyimbo ikakondedwa koma mwini wake sanaike mawu, pamapezeka munthu wina amene amawalemba yekha, nthawi zambiri molakwitsa, n'kuwaika pa tchanelo chake, owonera n'kumapita kumeneko.

Chiwerengero chimene chikumusowetsa tulocho anachikweza ndi oimba a mayiko ena amene ali ndi makampani aakulu kumbuyo kwawo. Mu Disembala 2012, Gangnam Style ya PSY wa ku South Korea inakhala vidiyo yoyamba kuonedwa ka 1 biliyoni, ndipo mu Meyi 2021 gulu la BTS linafika pa 108.2 miliyoni m'maola 24 okha ndi nyimbo ya Butter. Mpikisano wa tsiku loyambawu unafika poipa moti mu 2019 YouTube inasiya kuwerengera, pa mndandanda wake wa nyimbo zotchuka, anthu amene aona vidiyo chifukwa chakuti kampani yalipira kuti iwaonekere ngati malonda. Kuno kwathu nkhani ndi ina. Munthu amene wagula bandulo yaing'ono sabwereza vidiyo kakhumi pa intaneti; amaitsitsa kamodzi, kapena amailandira pa WhatsApp, kapenanso amapita kwa anyamata oika nyimbo m'mafoni pamsika. Nyimbo itha kuvinidwa m'maukwati Zomba yense, chiwerengero cha pa YouTube chili chogona.

Chimene ndingapemphe n'chakuti vidiyo ya mawuyo aikonze mosamala, asaitenge ngati yongodikirira. Zilembo zikhale zazikulu zoti munthu aziwerenga pa foni osatsinzinira maso, zisasochere m'chithunzi cha kumbuyo, ndipo mzere uliwonse uzituluka pa nthawi imene akuuimba, osati atadutsa kale. Kalembedwe ka Chichewa akaonetse kwa munthu wodziwa, ngakhale mphunzitsi wa pasukulu yapafupi, pakuti zimachititsa manyazi kuona woimba waluso atasokoneza l ndi r m'mawu a nyimbo yake yomwe. Pansi pa vidiyoyo alembe mawu onse, dzina lake ndi la amene anakonza zida, kuti wofufuza ndi mzere umodzi umene anaumva m'minibasi aipeze.

Ndalama za vidiyo yojambula zikadzapezeka, adzakhala atadziwa kale ngati nyimboyi ndi yoyenera kuiwonongera ndalamazo, kapena ndi bwino kuzisungira yotsatira, poona ndemanga za anthu komanso malo amene ambiri amasiyira kuonera, zimene YouTube imaonetsa mwini tchanelo kwaulere.