Za sewero la wodula mkungudza lija

Achemwali, mwafunsa ngati si kulimbikitsa umbava kuti anyamata a zisudzo aja anaonetsa wodula mkungudza m'phiri la Mulanje ngati munthu wabwinobwino, anthu n'kumamuwombera m'manja. Ndiyankheko, poti nanenso ndinachitako zisudzo m'kagulu kathu ka ku Chitakale, kongodalira ndalama zimene oonerera ankalipira pakhomo.

Mkungudza ndi mtengo wa fuko, kwawo ndi m'phiri lomweli basi, ndipo watsala pang'ono kutheratu. Wodulayo zimenezi amazidziwa kuposa ine ndi inu. Koma taonani kumene wachokera. Nthaka yabwino kuno ndi ku Thyolo ndi tiyi yekhayekha kuyambira nthawi ya atsamunda, banja lonse n'kumapanikizana pa kamunda kamodzi. Ntchito yothyola imachuluka dzinja, mvula ikatha ambiri amauzidwa kuti akapume. Ndiye mu Malichi 2023 namondwe Freddy anadzakokolola ndi kamunda komweko. Munthu wotere mukamuika pabwalo ngati chigawenga cha maso ofiira, oonerera sangakhulupirire. Ndi malume awo ameneyo, amapemphera nawo limodzi.

Ife tinapangapo sewero la mayi amene anagona ndi kapitawo kuti dzina lake lisafufutidwe m'kaundula wa othyola. Madzulo akubwera ndi kajumbo ka ufa ndi bonya, akuphika, akuika mbale pamphasa. Mwamuna wake akudziwa komwe ufawo wachokera. Akusamba m'manja, akutema nsima, n'kuigwira choncho osaiika pakamwa. Tinathera pomwepo. Ku Limbuli bwalo lonse linati zii, kenako agogo ena kumbuyo anakuwa kuti, “Idyani bambo, ana akukuonani!” Bambo wina anayankha kuti bola kugona ndi njala. Anthu anakangana mpaka mdima, ife tikupakira nsanza zathu.

Sitinanene kuti mayiyo walondola. Tinangoonetsa kuti khalidwe labwino lili ndi mtengo wake, ndipo wosauka amaligula modula kuposa wokhuta. Masewero olipiridwa ndi mabungwe sayerekeza kusiya nkhani m'malere chonchi. Wolakwa amalapa, amfumu amapereka malangizo, kenako nyimbo. Malemu Du Chisiza Jr, amene anayambitsa gulu la zisudzo la Wakhumbata mu 1987, bwana wake anali munthu wogula tikiti, n'chifukwa chake ankakhudza ngakhale nkhani zoopsa kuzitchula. A gulu la zisudzo la Kwathu nawonso akhala akudzadza maholo ndi masewero a Chichewa chifukwa anthu amadziona okha mmenemo.

Pomwe ndikugwirizana nanu mpakuti anyamatawo anaphonya chimodzi. Thabwa silithera pamutu pa wolisenza. Alipo woligula m'tauni, alipo wolandira kangachepe panjira kuti galimoto idutse, ndipo amenewo sanagone ndi njala. Akanawaika pabwalo, funso lanu likanagwera iwowo.

Ndisadziyeretse. Msungichuma wathu anadya ndalama za pakhomo mwana wake atadwala malungo, ndipo ife amene tinkadziti timamvetsa osauka tinamutukwana ngati galu. Chaka chotsatira bungwe lina linatipatsa alawansi kuti tizungulire midzi ndi sewero la ufa lija, koma tisinthe mathero. Tinasintha. Mayi uja anagwada n'kulapa, mwamuna wake anamukhululukira, amfumu analankhula. Ine ndi amene ndinasewera amfumu.