Kunyanyala, kusala kapena kubuloka? Mafunso a owerenga pa nkhani ya anthu otchuka ndi Gaza

Makalata amene ndikuyankha lero achokera pa nkhani imodzi, choncho ndiyambe ndaifotokoza mwachidule kuti amene sanaitsate asasochere. Pa 6 Meyi 2024 kunali phwando la zovala lotchedwa Met Gala, lomwe limachitika chaka ndi chaka ku Metropolitan Museum of Art mumzinda wa New York, ndipo nyuzipepala zinkati tikiti ya munthu mmodzi inali madola 75,000. Tsiku lomwelo asilikali a Israel analamula anthu kuti achoke kum'mawa kwa mzinda wa Rafah ku Gaza, womwe unali utadzaza ndi anthu oposa miliyoni imodzi othawa nkhondo, ndipo kutacha analanda chipata cha m'malire a Gaza ndi Egypt. Nkhondoyo inayamba gulu la Hamas la ku Gaza litapha anthu pafupifupi 1,200 ku Israel pa 7 Okutobala 2023, ndipo pofika mwezi wa Meyi unduna wa zaumoyo ku Gaza unkati anthu oposa 34,000 anali atafa. Pa nthawi ya phwandolo, mayi wina wotchuka pa TikTok, atavala ngati wa kunyumba yachifumu, anatulutsa kanema wokhala ndi mawu akuti "adye keke", omwe anthu amati ananena ndi Marie Antoinette, mfumukazi yakale ya ku France, ponyoza amphawi osowa buledi. Mayiyo anapepesa, koma anthu ambiri anali atayamba kale kufalitsa mayina a oimba ndi ochita mafilimu amene sanayankhulepo za Gaza, n'kumalimbikitsana kuti awabuloke, kutanthauza kuwatsekera kunja pa TikTok, Instagram ndi X. Ndawalayo inatchedwa Blockout 2024.

Bambo wina amene amawerenga nkhani pawailesi akufunsa: "Ndinalemba kuti achinyamata akusala anthu otchuka, koma mkonzi anafufuta n'kulemba kuti akunyanyala. Kodi mawu awiriwa si amodzi?"

Si amodzi, bambo, ndipo mkonzi wanu anakuthandizani. Kusala chakudya ndi mawu aulemu, chifukwa wosala kudya amadziletsa yekha. Koma mneni yemweyu akakhudza munthu amasintha mtima. Kuyambira zaka zimene matenda a Edzi anafala, makutu athu anazolowera kumva "kusala" ndi "kusalana" pambali pa "tsankho", ndipo wosalidwa amakhala munthu amene akukanidwa chifukwa cha chimene ali, monga matenda, ulumali kapena khungu lachialubino, osati chifukwa cha chimene wachita. Mukanena pawailesi kuti achinyamata akusala Kim Kardashian kapena Taylor Swift, omvera amakhala ataweruza kale mlandu asanamve chifukwa chake: otchukawo ndi ozunzidwa, achinyamatawo ndi ankhanza. Otsutsa ndawalayi angathe kusankha mawu amenewa mwadala, ndipo ndi ufulu wawo, koma wowerenga nkhani sayenera kuwasankhira omvera mbali.

Kunyanyala ndi kukana chinthu chimene unali nacho gawo, chifukwa cha dandaulo, ndipo kukanako kumachitika poyera kuti wolakwira aone. Mwana amanyanyala nsima imene akanadya, aphunzitsi amanyanyala ntchito imene ndi yawo, aphungu amanyanyala zokambirana m'Nyumba ya Malamulo momwe ali ndi mipando. Munthu sanyanyala chinthu chimene sichimukhudza, ndiponso wonyanyala amasiya khomo lobwererapo dandaulo lake likamveka. Zonsezi zikugwirizana ndi zimene zinachitika mu Meyi 2024, popeza pakati pa obulokawo panali otsatira a otchukawo, ndipo ankanena kuti chimene akufuna n'chakuti otchukawo ayankhule.

Komabe chiganizo cha mkonzi wanu ndikanachiwonjezera pang'ono. Kawirikawiri timanyanyala chinthu kapena zochitika, ndipo tikati "wandinyanyalira" timaganiza za anthu odziwana, a m'nyumba imodzi, zomwe zimabweretsa kafungo ka chibwana pa nkhani imene ili ndi maliro mkati. Ndi bwino kutchula chimene chikunyanyalidwa: "Achinyamata agwirizana zonyanyala masamba, nyimbo ndi malonda a anthu otchuka." Mawu akuti "agwirizana" ndi amene amasiyanitsa mkwiyo wa munthu mmodzi ndi chida cha gulu. Umu ndi momwe tingafotokozere zimene zinayamba ku London mu 1959, pamene Julius Nyerere ndi ena anapempha anthu a ku Britain kuti aleke kugula katundu wa ku South Africa chifukwa cha ulamuliro wa tsankho, komanso pempho limene mabungwe pafupifupi 170 a ku Palestine anapereka mu Julayi 2005, lomwe linabala gulu la BDS, lolimbikitsa kunyanyala dziko la Israel. Kusiyana kwake n'kwakuti magulu awiriwa ankalimbana kwambiri ndi katundu, makampani ndi mabungwe, pamene Blockout 2024 inalunjika pa anthu, ndipo mlandu wa ambiri a iwo unali kukhala chete. N'chifukwa chake mawu akuti "kusala" akubwera msanga pakamwa pa anthu ena.

Wophunzira wa kusekondale akufunsa: "Kodi kubuloka ndi Chichewa? Ndingalembe mawu amenewa pachimangirizo?"

Mawuwa ndi obwereka, monga sukulu, foni ndi kompyuta, koma aloweratu m'malamulo a chiyankhulo chathu, ndipo umboni wake uli m'mene amalandirira timphatikiram'mbuyo. Mneni amene lembo lake laliwu lomaliza patsinde ndi "o" kapena "e" amatenga "-edwa", "-era" ndi "-etsa", pamene wa "a", "i" kapena "u" amatenga "-idwa", "-ira" ndi "-itsa". Choncho timati kugona, kugonera, kugonetsa, ndipo popanda wotiphunzitsa timatinso kubulokedwa, kubulokera, kubuloketsa. Palibe amene amati "ndabulokidwa". Yerekezerani ndi kunyanyala, komwe kumapereka kunyanyalidwa, kunyanyalira ndi kunyanyalitsa. Taonaninso kuti "l" amatsatira "a", "o" ndi "u", pamene "r" amatsatira "e" ndi "i", ndiye chifukwa chake timalemba "kubulokera" osati "kubulokela".

Ena amafuna kuti tizinena kuletsa, kutchinga kapena kutsekereza. Onsewa ndi mawu abwino, koma palibe amene akunena chinthu chenichenicho. Kuletsa kumafuna mphamvu pa woletsedwayo, ndipo wachinyamata wa ku Ndirande sangaletse Beyoncé kulemba chimene akufuna. Chimene angachite ndi kutseka njira pakati pa tsamba lake ndi la woimbayo. Apa mpofunikanso kusiyanitsa kubuloka ndi kusiya kutsatira, chifukwa otsogolera ndawalayi ankaumirira pa kusiyana kumeneku. Ukasiya kutsatira munthu, zolemba zake zingathe kukupezabe, popeza makina a TikTok ndi Instagram amaonetsa zinthu zimene akuganiza kuti ungazikonde ngakhale kuchokera kwa anthu amene suwatsatira. Ukamubuloka, zolemba za patsamba lakelo sizikufikanso, ndipo chiyembekezo cha obulokawo chinali chakuti chiwerengero cha oonera chikatsika, makampani olipira otchukawo kuti alengeze malonda adzayamba kuwerengera kawiri. Wolemba amene angati "anasiya kuwatsatira" pamene akutanthauza "anawabuloka" wataya theka la nkhani.

Pachimangirizo cha mayeso, lembani "kubuloka" koyamba pamodzi ndi tanthauzo lake m'chiganizo chomwecho, kenako mupitirize nako mosaopa. Chimene muyenera kupewa ndi kulemba tsinde lachingerezi pakati pa mawu achichewa monga ambiri amachitira pa WhatsApp.

Mayi wina wa Mvano akufunsa: "Mnzanga akuti anthu a ku Palestine ndi Afilisti a m'Baibulo, ndipo onyanyalawo akudana ndi ana a Israyeli. Kodi mayina oyenera ndi ati?"

Funso lanu, mayi, ndi lolemera kuposa onse amene ndalandira, chifukwa ambiri a ife tinayamba kumva mayina a dera limeneli kutchalitchi tisanawamve pawailesi, ndipo dzina likamveka khutu limathamangira kwa Davide ndi Goliati. Zoona zake n'zakuti dzina lakuti Palestine linachokeradi ku dzina la dziko la Afilisti, kudzera m'Chigiriki ndi Chilatini, ndipo Aroma anatcha chigawo chonsecho Syria Palaestina atagonjetsa Ayuda oukira cha m'ma 135. Koma Afilisti monga mtundu anazimiririka m'mbiri zaka mazana angapo Yesu asanabadwe. Anthu a ku Palestine a lero amayankhula Chiarabu, ambiri ndi Asilamu ndipo ena ndi Akhristu, monga a ku Bethlehem ndi a m'matchalitchi ochepa a mumzinda wa Gaza. Kuwatcha Afilisti ndi kuwaveka mlandu wa m'nkhani imene sanakhalemo.

Mbali inayo ikufunanso chisamaliro chomwecho. Pali ana a Israyeli a m'Malemba. Pali Ayuda, omwe ndi mtundu komanso chipembedzo ndipo ambiri amakhala ku America ndi kwina. Pali nzika za dziko la Israel limene linakhazikitsidwa mu 1948, zomwe pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi Aarabu. Ndipo pali boma la Israel ndi asilikali ake. Wolemba kuti "akunyanyala chifukwa cha zimene Ayuda akuchita" wasandutsa nkhani ya boma kukhala nkhani ya mtundu, ndipo waiwala kuti pakati pa otsutsa nkhondoyo panali Ayuda ambiri, monga a bungwe la Jewish Voice for Peace ku America. Ine ndimalangiza kuti pa nkhani za lero tizilemba "boma la Israel", "asilikali a Israel" ndi "anthu a ku Palestine", n'kusiya kalembedwe ka "Israyeli" ndi "Afilisti" ku ulaliki. Kalembedwe kosiyanako kamathandiza wowerenga kudziwa nthawi imene tikukamba. Mawu akuti "Apalestina" ndi omangidwa bwino, monga Amalawi, ndipo sindingawafufute, ngakhale kuti "anthu a ku Palestine" amamveka msanga kwa womvera wamba.

Wowerenga wina akufunsa ngati "akatswiri" angalowe m'malo mwa "anthu otchuka".

Ayi. Katswiri ndi waluso, kaya amadziwika kapena ayi, pamene kutchuka sikunena kanthu za luso, ndiponso sikutamanda, popeza timati mbava yotchuka. Pamndandanda wa obulokedwa panali oimba aluso komanso anthu odziwika chifukwa cha mapulogalamu a pakanema ndi malonda a zodzola, ndipo chimene chinawasonkhanitsa ndi unyinji wa owatsatira. "Maselebu" ndi mawu a pamacheza.

Bambo wina wokhala ku Johannesburg akufunsa: "Ndikuona anzanga akulemba kuti tikuima ndi Palestine, ndipo akudzitcha omenyera ufulu chifukwa chobuloka oimba. Kodi Chichewa chake chili bwino?"

Mafunso anu ndi awiri. "Kuima ndi" kwafala kwambiri m'mapemphero ndi m'misonkhano, moti sikudzachokanso, koma kunabwera ndi omasulira, ndipo tili ndi mawu athu amene amanena zambiri. "Kukhalira kumbuyo" ndi kutenga mbali ya munthu pa mkangano. "Kuikira kumbuyo" kuli pafupi, koma nthawi zina kumamveka ngati ukuteteza wolakwa, monga kholo loikira kumbuyo mwana wakuba, choncho samalani nako. "Kuyankhulira" ndiko kukugwira pakati pa nkhaniyi, chifukwa dandaulo lonse linali lakuti anthu okhala ndi otsatira mamiliyoni ambiri sanayankhulire amene mawu awo samveka patali. Samalaninso ndi "chifukwa cha". Mukalemba kuti "tanyanyala chifukwa cha anthu a ku Palestine", wowerenga angamve kuti anthuwo ndi amene akukwiyitsani. Lembani kuti "tanyanyala pofuna kuthandiza anthu a ku Palestine" kapena "pokwiya ndi zimene zikuchitika ku Gaza".

Pa dzina lakuti omenyera ufulu, maganizo anga ndi akuti anzanuwo adzikweza msanga. M'kamwa mwa Amalawi dzinali limanyamula anthu monga John Chilembwe mu 1915 ndi amene anamangidwa mu 1959, ndipo kumene mukukhalako limanyamula amene anakhala zaka zambiri ku Robben Island. Pali kumenya m'mawuwo, ndipo womenya amamenyedwanso. Sindikunyoza kubuloka, popeza kunyanyala kulikonse kumapangidwa ndi zochita zazing'ono za anthu ambiri, ndipo mayi wa ku London amene anasiya malalanje a ku South Africa pashelefu nayenso sanaike moyo wake pachiswe. Koma mayi ameneyo tikanamutcha wonyanyala, osati womenyera ufulu. Mawu akuti "zionetsero" nawonso sakukwana, chifukwa amatipatsa chithunzi cha khamu mumsewu, monga ophunzira amene anamanga matenti pa Columbia University mu Epulo 2024 n'kugwidwa ndi apolisi, ndipo "kampeni" kwathu imanunkha chisankho. Ndikanalemba kuti anzanuwo "alowa nawo ndawala yonyanyala anthu otchuka", ndipo amene anaiyambitsa ndi kuilimbikitsa ndikanawatcha "otsogolera ndawalayo". Wina akapitirira apo, n'kumasonkhetsa ndalama zothandizira mabanja a ku Gaza kapena kukaguba ku Cape Town, mulembe chimene wachitacho ndi mneni wake: wasonkhetsa, waguba, walembera kalata aphungu.